Kadamsana wa dzuwa: tikonze bwanji tsiku loti mabanja adzaonere limodzi pasukulu?

Mayi Nachisale, Chilobwe

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Chilobwe, ndipo ndimayang'anira kagulu ka sayansi ka ophunzira a Sitandade 6 mpaka 8. Ana a m'kaguluka anaonera pa foni mavidiyo a kadamsana wa dzuwa wa pa 8 April 2024, amene anadutsa ku Mexico, United States ndi Canada, ndipo chimene chinawagwira mtima si mdima wa masana wokha ayi, koma unyinji wa anthu amene anasonkhana m'mabwalo, makolo, ana ndi agogo omwe, aliyense atavala timagalasi takuda n'kumayang'ana kumwamba. Chionereni zimenezo, sakusiya kundifunsa ngati zoterezi zingachitikenso kwathu kuno.

Nkhaniyi ndinaitula ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo onse anavomereza kuti kadamsana wotsatira amene adzaoneke ku Blantyre asadzatipeze titadzitsekera m'makalasi, koma tidzaitane mabanja a m'dera lonse kuti adzaonere limodzi pabwalo la sukulu, pakhale kachakudya pang'ono, ana aonetse makolo awo zimene aphunzira. Kuvomerezako kunali kosavuta, koma mafunso amene anatsatira ndiwo anandithetsa nzeru. A pampando anafuna kudziwa tsiku lenileni. A msungichuma anafunsa mtengo wa magalasi aja, ndipo atamva kuti amachokera kunja anangoti thumba la sukulu, limene likulephera kukonzetsa zitseko za zimbudzi, silingakwanitse kugulira mwana aliyense. Bambo ena anati palibe chifukwa chowonongera ndalama, popeza iwo mu 2001 anaonera m'beseni la madzi ndipo mpaka lero maso awo ali bwinobwino. Kenaka mayi ena achikulire, amene ndimawalemekeza kwambiri chifukwa ndiwo amatsogolera amayi ophika phala la ana, ananena poyera kuti mayi woyembekezera sayenera kutuluka panja tsiku lotero, ndipo kuti iwo ndi anzawo sadzapondako pabwalopo ngati tidzakakamize anthu.

N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Kodi kadamsana amene tingamuone kuno adzachitika liti, ndipo adzakhala wamkulu motani? Kodi pali njira yoonera yosaononga maso imene banja la ku Chilobwe lingaikwanitse popanda kudikira thandizo la mabungwe? Chimene ndikufunitsitsa n'chakuti tsikulo lisadzangokhala la kudya ndi kujambulana, koma ana ndi makolo adzagwire ntchito yeniyeni ya sayansi ndi manja awo, yoti tidzathe kuisunga pasukulu. Za mayi achikulire aja, sindikufuna kukangana nawo, komanso sindikufuna kuphunzitsa ana zinthu zimene si zoona.

Bambo Mbewe, Chigumula

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Ine ndinaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka ndinapuma pantchito, ndipo ndiyamba ndi funso la a pampando anu.

Muwauze alembe masiku awiri. Loyamba ndi pa 25 November 2030, Lolemba. Tsiku limenelo mthunzi wa mwezi udzalowa mu Africa kudzera ku Namibia, n'kudutsa ku Botswana, South Africa ndi Lesotho, ndipo mizinda ya Windhoek ndi Durban idzaona dzuwa litaphimbikiratu. Ife tili kutali kumpoto kwa njira imeneyo, choncho tidzaona mbali imodzi yokha itaphimbika, m'mawa, nthawi imene ana amakhala akufika kumene pasukulu. Tsiku linalo ndi pa 21 May 2031, limene lidzakhale Lachitatu, m'mawanso. Ameneyo ndi kadamsana wa mphete: mwezi udzakhala utatalikirana pang'ono ndi dziko moti sudzakwanitsa kuphimba dzuwa lonse, ndipo m'mphepete mudzatsala mkombero wowala. Njira yake idzadutsa ku Angola, Zambia, kumpoto kwenikweni kwa Malawi ndi Tanzania, kenaka n'kuwoloka nyanja kukafika kumwera kwa India. Ku Blantyre mpheteyo sitidzaiona, koma gawo lophimbika lidzakhala lalikulu kuposa la mu 2030. Ndikanakhala inu, mphamvu zanga ndikanaziika pa May 2031, chifukwa kumapeto kwa November mvula imakhala itayamba ndipo mitambo siidalirika, pamene mu May kumwamba kumakhala koyera masiku ambiri, pokhapokha chiperoni chitatifikira msanga.

Makolo muwauziretu kuti masiku onse awiriwa kunja sikudzada bii. Ambiri akukumbukira za pa 21 June 2001, Lachinayi cha m'ma 3 koloko masana, pamene mzinda wa Lusaka unakhala mumdima kwa mphindi zitatu ndi masekondi angapo, ndipo mthunzi womwewo unakhudza nsonga ya kumwera kwenikweni kwa dziko lathu popita ku Madagascar. Kuno kunatsala kachigawo kochepa ka dzuwa, kuwala kunasanduka kotuwa ndipo kunazizira mwadzidzidzi. Amene adzabwere akuyembekezera zomwezo adzabwerera akunena kuti aphunzitsi anawanamiza. Diso la munthu limazolowera msanga kuchepa kwa kuwala, moti theka la dzuwa likhoza kuphimbika munthu ali pamsika wa Limbe osazindikira kanthu.

Chifukwa chimene kadamsana amachitikira ana amachimvetsa bwino akachigwira ndi manja. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400 m'mimba mwake, komanso lili kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400, n'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka zofanana kukula tikaziona tili pansi pano. Mwezi umadutsa pakati pa ife ndi dzuwa kamodzi pa masiku 29 ndi theka, pa nthawi imene timati uli mumdima, koma njira yake ndi yopendekeka ndi madigiri pafupifupi 5, choncho mthunzi wake nthawi zambiri umaliphonya dzikoli. Tengani mpira wamiyendo ukhale dziko, ndipo lalanje laling'ono likhale mwezi. Mwana wina anyamule mpirawo, mnzake anyamule lalanjelo, atalikirane mamita 6 ndi theka, pakuti umenewo ndiwo muyeso woona wa kukula ndi kutalikirana kwa dziko ndi mwezi. Ndiye m'mawa, dzuwa likadali m'munsi, ayese kugwetsa mthunzi wa lalanje pa mpirawo, maso a onse ali pa mpira osati kudzuwa. Adzavutika ndithu, ndipo akadzaupeza adzaona kuti ndi kadontho kochepa kamene kamathawa dzanja likangogwedezeka. Mwana amene wachita zimenezi safunsanso chifukwa chimene kadamsana sabwerera mwezi ndi mwezi, kapena chifukwa chimene ku Lusaka kunadera pamene kwathu kuno sikunade.

Za magalasi, a msungichuma asade nkhawa. Tengani kagalasi kodziyang'anira ka m'thumba, mukaphimbe ndi pepala lolimba limene mwabowola pakati kabowo kosapitirira sentimita imodzi, mukaike panja padzuwa, mukatsamiritse pa njerwa n'kukamata ndi dongo kuti kasagwedezeke. Lozetsani kuwala kwake kuti kudutse pakhomo mpaka kukagwera pakhoma la mkati mwa kalasi imene mawindo ake mwawatchinga ndi zitenje. Pakhomapo padzaoneka chithunzi chozungulira cha dzuwa, ngakhale kabowo kanu katakhala ka makona anayi. Pa mita iliyonse ya mtunda chithunzicho chimakula ndi mamilimita pafupifupi 9, choncho kagalasi kakakhala pa mamita 20 mudzapeza dzuwa la masentimita pafupifupi 18, loti kalasi yonse ione nthawi imodzi popanda wina woyang'ana kumwamba. Chithunzicho chimayenda chifukwa dziko likuzungulira, ndipo pa mphindi ziwiri zokha chimakhala chitasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake, choncho pamafunika mwana wamkulu mmodzi woti azibwezera kagalasiko. Matani pepala pakhomapo, ana azitsata mkombero wa dzuwalo ndi pensulo pa mphindi khumi zilizonse n'kulemba nthawi pambali pake. Mapepala amenewo mukadzawandandalika mudzaona mmene mwezi unalowera ndi mmene unatulukira, ndipo ndiwo oyenera kusungidwa mu ofesi ya a hedi. Kuyeserera musadikire 2030, chifukwa dzuwa la tsiku lililonse ndi lokwanira.

Mayi Nabanda, Zingwangwa

Ndikufuna kuyankha za bambo a beseni aja, chifukwa ndagwira ntchito ya unamwino kwa odwala maso, ndipo mawu akuti "ine ndinaona koma sindinachite khungu" ndiwo amavulaza anthu pa nkhani imeneyi. N'zoona kuti madzi amabweza gawo lochepa chabe la kuwala kwa dzuwa, koma gawo lochepalo likadali lamphamvu kuposa mmene diso lingapirire munthu akamalipenyetsetsa. Dzuwa limawala kuposa mwezi wathunthu pafupifupi ka 400,000, moti ngakhale litaphimbika n'kutsala gawo limodzi lokha mwa magawo 100, kotsalako kamawalabe kuposa mwezi maulendo masauzande.

Diso limasonkhanitsa kuwala n'kukugwetsera pa kakhungu ka kumbuyo kwake, ka retina, makamaka pamalo amene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope za anthu. Kakhungu kameneka kalibe mitsempha yomvera ululu, choncho munthu amapsa osamva kanthu, n'kupita kunyumba akusangalala. Pakadutsa maola angapo, kapena m'mawa mwake, ndi pamene amaona kadontho kakuda pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana, mizere yowongoka ikuoneka yokhota, zilembo zikusowa pakati pa mawu. Ena amachira pakatha masabata kapena miyezi, ena kadontho kaja amakhala nako moyo wonse, ndipo palibe mankhwala odontheza amene amabwezeretsa malo opsawo. Ana ndiwo ali pangozi yaikulu chifukwa maso awo amalowetsa kuwala kochuluka kuposa a akuluakulu. Tsiku wamba munthu akayang'ana dzuwa amatembenuka yekha, koma tsiku la kadamsana chidwi chimamuchititsa kupirira.

Choncho kanani mosabisa magalasi akuda a dzuwa, ngakhale munthu atavala awiri kapena atatu pamodzi. Kanani galasi lodetsedwa ndi mwaye wa koloboyi, mapepala akale a X-ray, ma CD ndi majumbo akuda. Zinthu zimenezi zimangochepetsa kuthwanima moti diso limaleka kutsinzina, koma kuwala kowononga kumadutsabe. Wina akabwera ndi binoculars kapena telesikopu yopanda chotchinga chake chenicheni cha kutsogolo, muisunge mu ofesi mpaka zonse zitatha, chifukwa imeneyo imawotcha ngakhale munthu atavala magalasi oyenera.

Magalasi oyenerawo amalembedwa ISO 12312-2, koma mu 2017 ndi 2024 kunapezeka achinyengo amene anasindikizidwanso nambala yomweyo, choncho mugule kwa wogulitsa wodziwika. Mukawavala m'nyumba simuyenera kuona mpando, munthu kapena windo. Amene akandika kapena kubowoka atayidwe. Sukulu siifunika kugulira mwana aliyense: okwana 20 kapena 30 ndi okwanira, muwamange ndi chingwe patebulo, pakhale kholo loyang'anira, ana azibwera pamzere. Mwana avale atawerama, akweze mutu, aone kwa kanthawi, aweramenso, kenaka avule.

Njira ya a Mbewe ndi yabwino, koma ndikuwonjezerapo chenjezo limene iwo sanatchule. Kuwala kochokera pa kagalasi kaja ndi dzuwa lomwelo. Mwana akaima panjira yake n'kuyang'ana kumene kukuchokera, zili chimodzimodzi ndi kuyang'ana kumwamba, ndipo tonse tikudziwa mmene ana amakondera kuwalitsana m'maso ndi magalasi. Tchingani njirayo ndi chingwe mbali zonse, ndipo magalasi odziyang'anira akhale m'manja mwa anthu osankhidwa okha. Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi: popeza kadamsana adzayamba m'mawa, ana ambiri adzakhala ali panjira okhaokha, opanda mphunzitsi kapena kholo. Maphunziro a chitetezo achitike sabata yonse tsikulo lisanafike, alengezedwenso m'matchalitchi ndi m'mizikiti, kuti afikire ngakhale ana amene sali pasukulu. Amene adzaone zizindikiro ndatchula zija apite ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, ku Queen Elizabeth, asazengereze.

Za amayi oyembekezera, palibe mpweya kapena kuwala kwachilendo kumene kumatuluka tsikulo, mwezi umangotchinga dzuwa basi. Komabe mayi amene wasankha kukhala m'nyumba sataya kanthu pa thanzi lake, choncho palibe chifukwa chomukakamizira.

Che Mussa, Ndirande

Ine ndimawotcherera zitsulo, komanso ndimaika masola m'nyumba za anthu. Ndikudziwa kuti tsikulo likadzayandikira anthu adzatizungulira kudzabwereka mahelemeti athu, choncho ndinene pano. Galasi lililonse lowotcherera limakhala ndi nambala pakona pake. Amene ambiri timagwiritsa ntchito powotcherera ndi magetsi ndi a nambala 10 kapena 11, ndipo timagalasi ta owotcherera ndi gasi timakhala cha pa 5. Akatswiri a zakuthambo amalimbikitsa nambala 14, ndipo chilichonse chochepera 12 amachikaniratu. Nambala 14 siipezeka wamba m'mashopu a hadiweya, ndipo magalasi ambiri a pamsika alibe nambala n'komwe. Galasi lopanda nambala musalikhulupirire, ndiponso musaphatikize awiri poganiza kuti manambala angowonkhetsedwa. Anyamata athu akapsa ndi moto wowotcherera amagona usiku akulira, m'maso muli ngati mwathiridwa mchenga, koma kumeneko ndi kupsa kwa pamwamba pa diso, kumene kumamveka ndipo kawirikawiri kumapola pa masiku ochepa. Kumene anena Mayi Nabanda ndi kwa mkati, kosamveka, ndipo anzanga ena amasokoneza ziwirizi n'kumati maso awo anazolowera.

Pa ntchito ya sayansi imene mwafunsa, Aphunzitsi, ndili ndi ganizo limene ndingadzathandize ndi zipangizo zanga. Tengani panelo ya sola yaing'ono, ya mawati 10 kapena 20, muichotse ku batire, muiike pamalo amodzi osaisunthanso. Mita yathu yoyezera magetsi muiike pa 10A n'kulumikiza nthambo zake ziwiri ku nthambo za panelo. Muziyeza ma amp osati ma volti, chifukwa ma volti a panelo satsika kwenikweni mpaka kuwala kutachepa kwambiri, pamene ma amp amatsika ndi kukwera motsatira kuchuluka kwa dzuwa limene likugwa pagalasipo. Mwana wina aziwerenga mita pa mphindi zisanu zilizonse, wina azilemba. Mita imeneyi imaona zimene diso silingaone, choncho ngakhale anthu adzati sikunade, manambala adzaonetsa dzenje. Chenjezo langa n'lakuti mita ikakhala pa 10A asaigunditse ku batire, chifukwa fyuzi imapsa pomwepo.

Popeza zidzachitika m'mawa pamene dzuwa likukwera, ma amp amakhala akukwera kale mwa okha, choncho muyeze nthawi zomwezo dzulo lake ndi mawa lake kuti mukhale ndi chofanizira. Chimodzimodzi ndi themometa: muipachike pamthunzi, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, osati padzuwa kapena pafupi ndi malata. Sukulu za ku Ndirande, Bangwe ndi Chileka zitachita zofanana n'kudzafananitsa mapepala, ikhoza kukhala ntchito yoti ophunzira a ku yunivesite ya MUBAS kapena a nthambi ya zanyengo, amene likulu lawo lili mumzinda momwe muno, aione ndi chidwi. Kuwalembera kalata sikulira ndalama.

Ndiwonjezere za ife Asilamu. Pa nthawi ya kadamsana timakhala ndi swala yake yapadera imene timapemphera pagulu. Timaphunzitsidwanso kuti dzuwa litaphimbika tsiku limene Ibrahim, mwana wa Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anamwalira, anthu anati laphimbika chifukwa cha malirowo, koma Mtumiki anawakaniza n'kuwauza kuti dzuwa ndi mwezi siziphimbika chifukwa cha imfa kapena moyo wa munthu aliyense. Choncho mukadziwitse a shehe a m'dera lanu nthawi ikadalipo, mugwirizane za nthawi, ndipo zoimbira zaphokoso zidikire mpaka swala itatha.

Bambo Jere, Machinjiri

Mayi Nachisale, zimene anena anzangawa sindingawonjezerepo, koma za akuluakulu ndili ndi mawu. Ife a ku Mzimba tinakula tikumva kuti tsiku limene Zwangendaba, mfumu ya Angoni, anawoloka mtsinje wa Zambezi ndi anthu ake, cha kufupi ndi Zumbo, dzuwa linada masana. Palibe amene analemba tsikulo papepala, koma nkhaniyo inasungidwa pakamwa pa agogo mibadwo ingapo. Patapita nthawi, olemba mbiri anafananitsa nkhaniyi ndi mawerengedwe a akatswiri a zakuthambo, n'kupeza kuti mu November 1835 kunachitikadi kadamsana amene anaoneka m'dera limenelo. Mabuku ena amalemba pa 19, ena pa 20, koma mwezi ndi chaka sizitsutsidwa. Ndi limodzi mwa masiku ochepa a m'mbiri yathu ya nthawi imeneyo amene timawadziwa motsimikiza chotero, ndipo tinalidziwa chifukwa agogo anakumbukira ndipo asayansi anawerengera. Mbali imodzi yokha sikanakwanitsa.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi maganizo, amene ndimawamva kawirikawiri kwa anthu ophunzira, akuti akuluakulu ndi vuto loti lithetsedwe tsikulo lisanafike. Apatseni ntchito. Ana atenge makope apite kwa agogo awo kukafunsa kumene anali pa 21 June 2001, m'mawa wa pa 4 December 2002, ndi pa 1 September 2016 pamene mphete inaoneka ku Rujewa m'chigawo cha Mbeya ku Tanzania ndipo kuno tinaona mbali. Afunse zimene anaona, zimene nkhuku ndi mbalame zinachita, ndi zimene makolo awo ankanena za kadamsana. Alembe mmene auzidwira, osakonza, ndipo alembenso dzina la mudzi umene agogowo anali. Patsikulo agogo awiri kapena atatu ayambe ndiwo kulankhula, aphunzitsi abwere pambuyo. Munthu amene wamvedwa savuta kumvetsera.

Mayi ophika phala aja musawataye, chifukwa popanda iwo simudzakhala thobwa kapena mbatata pabwalopo, ndipo makolo ambiri amatsatira mawu awo kuposa kalata ya kusukulu. Muwapemphe adzabwere ndi malichero awo akale ndi zipande zobowola zokazingira mandasi. Akadzazinyamula chapamwamba, atafulatira dzuwa, timipata take tidzagwetsa pansi tizithunzi tambirimbiri ta dzuwa lolumidwa mbali imodzi, ndipo chimene chikuchitika kumwamba adzachionera pa chiwiya chawo chomwe. Amene adzatsale kunyumba apatsidwe pepala loti alembe zimene ziweto zikuchita pa nthawi zoikika. Mwina pa kadamsana wa mbali chonchi nkhuku sizidzasintha kanthu, ndipo zikadzatero alembe zomwezo, chifukwa nalonso ndi yankho. Ndiponso ndaona kuti njira ya a Mbewe yathetsa mkangano wanu mosadziwa: mayi woyembekezera akhoza kuona zonse atakhala pampando m'kalasi, osatuluka panja.

Mayi Nachisale, Chilobwe

Zikomo kwambiri nonse. Mayankho anu ndawawerengera a komiti, ndipo a msungichuma apumira m'mwamba atamva kuti magalasi 30 ndi okwanira. Tagwirizana kuti kagulu ka sayansi kayambe teremu ino kuyeserera kagalasi ndi mpira uja, ndipo Che Mussa tikulandirani ndi manja awiri mukadzapeza mpata. Mayi achikulire aja sanalonjeze kubwera, koma za lichero aseka n'kunena kuti akufuna adzaone kaye ngati n'zoona.

Ndatsala ndi nkhawa ziwiri. Sukulu yathu ili pafupi ndi phiri la Soche ndipo pabwalo pali mitengo ikuluikulu ya mango, moti sindikudziwa ngati dzuwa la m'mawa limafika pamene tikufuna kusonkhana. Inanso ndi ya mitambo: tikadzaitana mabanja onse, thobwa n'kuphikidwa, kumwamba n'kutseka, tidzachite chiyani?

Bambo Mbewe, Chigumula

Chenjezo la Mayi Nabanda ndalilandira, chingwecho chimangidwe ndithu. Za phirilo, yankho mulipeza ndi miyendo yanu. Pa tsiku lofanana la chaka chilichonse dzuwa limadutsa njira yofanana, choncho pa 25 November ndi pa 21 May chaka chino kapena chamawa mukaime pabwalopo kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko m'mawa, muzilemba malo amene ali padzuwa ndi amene ali pamthunzi. Muchite masiku onse awiri, chifukwa mu November dzuwa limatulukira kum'mawa chakumwera, pamene mu May limatulukira kum'mawa chakumpoto, ndipo khomo la kalasi limene lingathandize mwezi wina likhoza kukhala lopanda ntchito mwezi winawo. Mitengo ya mango musaidandaule. Timipata ta pakati pa masamba timagwira ntchito yomwe ija ya lichero, choncho yalani matumba oyera pansi pake, ana aang'ono a Sitandade 1 ndi 2 adzaonere pamenepo, kumene sangakopeke kuyang'ana kumwamba.

Mitambo ikadzatseka, mita ya Che Mussa ndi themometa zipitirize kuwerengedwa, ngakhale kuti manambala adzadumphadumpha. Nkhani za agogo ndi mpira wa ana sizifuna kumwamba koyera ngati mwakonzeratu tochi yamphamvu m'kalasi, ndipo foni imodzi yokhala ndi intaneti ikhoza kuonetsa zimene zikuchitika ku Windhoek kapena ku Durban. Choopsa ndi mtambo wopyapyala, umene umachititsa dzuwa kuoneka lofatsa moti aliyense amafuna kuliyang'ana ndi maso. Pamenepo oyang'anira achenjere kwambiri. Ngati mukufuna kuyesa kusonkhanitsa mabanja nthawi isanakwane, madzulo a pa 31 December 2028 kudzakhala kadamsana wa mwezi, mwezi ukungotuluka kumene, ndipo ameneyo amaonedwa ndi maso popanda choopsa chilichonse. Sukulu zidzakhala zili pa tchuthi, choncho mukambirane ndi a hedi ndi a mfumu za bwalo. Pakadali pano yezani mtunda wochokera pakhoma la mkati mwa kalasi mpaka pamene mukufuna kuika njerwa, mundiuze mamita ake, ndikuuzeni kukula kwa kabowo koyenera.